Foni Yagalasi ndi Zala za Mwamuna Wanga

1

Ndine mayi wogulitsa nyama. Zaka khumi ndi zisanu ndaima kuseri kwa kauntala ya butchala, chikwanje m'manja, ndipo magazi sandichititsa nthumanzi. Ndimatha kuwaza nthiti za ng'ombe uku ndikucheza ndi kasitomala za mvula. Koma masiku ano ndikamva kafupa kakang'ono kakuthyoka pachipika, ndimayamba ndatuluka panja kukapuma.

Mwamuna wanga ndi telala. Kapena ndinene kuti anali telala, chifukwa zala zinayi za dzanja lake lamanja zinaphwanyidwa. Anaziphwanya ndi mchimwene wanga weniweni, ine ndili chiimire pakhomo, pa mlandu womwe bamboyo sanapalamule. Wopalamula ndikumudziwa. Ndikuuzani, koma mundilole ndiyambire pa foni.

Foni yanga yakale inali ya mabatani, yokalamba ngati mwini wake, yomangidwa ndi kamphira kuti batire isagwe. Tsiku lina inagwera mu ndowa yotsukira mipeni n'kufera momwemo. Patapita masiku atatu bambo akunyumba anabwera ndi kabokosi, akumwetulira mpaka m'makutu. M'kati munali chigalasi chopyapyala chopanda mabatani oimbira, zija amati za tachi.

Pakamwa ndinathokoza, koma mumtima ndinadziwa kuti ine ndi chinthu ichi tidana. Zala zanga n'zokhakhala, ndipo tsiku lonse zimakhala noninoni ndi mafuta a nyama. Ndikaidinda mwamphamvu inkangondiyang'ana. Ndikaigunda mwangozi ndi chigongono inkatsegula zinthu khumi. Munthu akaimba ndinkapalasa kolakwika n'kumudula, ndipo tsiku lina ndinajambula mphuno yanga zithunzi makumi awiri osadziwa. Bambo akunyumba ankaseka mpaka misozi, kenako n'kugwira chala changa ngati cha mwana wophunzira kulemba.

"Iyi si nyama yoti uziiyesa kufewa," ankatero. "Ingoikhudza pang'ono. Imamva msanga kuposa iwe."

Galasilo silinkachedwa kuda, ndipo ine litsiro sindipirira nalo. Kuntchito kwathu chilichonse ukachigwira umachipukuta ndi epuloni, kaya ndi mpeni, sikelo kapena kauntala. Foni nayo inangolowa m'gulu lomwelo.

2

Mng'ono wanga, mzime kwathu, anakwatiwa ndi dalaivala wa malole akuluakulu. Tizingomutchula kuti Dalaivala, dzina lake limandiwawa pakamwa. Pagulu anali munthu wa nthabwala, wopereka moni atagwira pamtima. Kunyumba ankavula lamba. Zaka zisanu mng'ono wanga ankabwera ndi nkhani za chitseko chomwe wagundana nacho, mpaka ndinamufunsa ngati zitseko za kwawoko zimayenda zokha.

M'mawa wina Loweruka anatulukira kukhomo lakuseri kwa butchala alibe nsapato, mlomo utang'ambika, dzino limodzi lili m'manja. Anati Dalaivala wanyamuka ulendo, ndipo wamuuza kuti akabwerako adzamalizitsa ntchito. Sanalire. Anangondifunsa ngati dzino limatheka kulibwezeretsa.

Kwathu sitikanamusunga, chifukwa n'koyamba komwe akanadzamufuna. Bambo akunyumba ndi amene anakumbukira mayi wina wamasiye amene anawaphunzitsa kusoka, yemwe tonse timangomutcha Aphunzitsi. Amakhala okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa malo otsukira magalimoto, ndipo anavomera osafunsa zambiri. Odziwa tinali atatu basi: ine, bambo akunyumba ndi Aphunzitsiwo.

Achimwene, oyamba kubadwa kwathu, sitinawauze. Amanyamula matumba a simenti, ndipo anzawo amawatcha Nyundo. Ndi munthu wokonda abale ake, koma mutu wawo umayamba kuganiza nkhonya itafika kale.

Dalaivala atabwerako n'kupeza nyumba ili pululu, anayamba kundiimbira m'mawa, masana ndi madzulo. Nthawi zina ankabwera mwaulemu, alamu alamu, nthawi zina n'kutukwana mayi anga omwe ali kumanda. Ndinkafuna kumutsekera koma sindinkadziwa pokhudza, choncho dzina lake linkangokhala pamwamba pa foni ngati ntchentche pachiwindi.

Lachitatu la sabata yachiwiri anapita kushopu kwa bambo akunyumba ndi buluku loti alidule miyendo. Iwo anaona kuti kukana kukhala ngati kudziulula, ndiye analandira bulukulo, n'kumuyeza ndi tepi, n'kusekerera nthabwala zake. Anthu a mashopu oyandikana anaona zonsezo.

3

Lachinayi cha m'ma 2 koloko ndinali ndikudula mwendo wa mbuzi pamene foni inalira. Anali Aphunzitsi. Ndinawadula kawiri ndi kupalasa kwanga kopusa, kachitatu ndinayankha. Anali kuchipatala, pamzere wolandirira mankhwala awo a mtima, ndipo anali atangoona munthu akumulowetsa pamachira. Anali mng'ono wanga. Anamuzindikira ndi diresi yokha, chifukwa anali atamusokera okha.

Zomwe zinachitika tinazimva kwa abambo otsuka magalimoto. Dalaivala anafika wapansi, sipanala yomasulira matayala ataibisa m'jekete. Sanathyole chitseko. Anagogoda mwaulemu, ndipo mng'ono wanga anatsegula poganiza kuti ndine. Makina opopera madzi anali akulira, ndiye kukuwa kwake anthu anakumva mochedwa. Atalowa anapeza mipando itagwa, magazi pakhoma, Dalaivala ataika bondo pachifuwa pa mkazi wake, dzanja lina atakulunga tsitsi lake. Zinatengera amuna anayi kuti amuchotsepo. Anamumanga ndi paipi yamadzi, ndipo sindinganame kuti anamusisita asanamupereke kupolisi.

Mng'ono wanga anathyoka mkono, ndipo diso lakumanzere adokotala anati palibe chopulumutsa. Ndinaima m'khonde la chipatala ndi epuloni yanga yamagazi, anthu n'kumaganiza kuti wovulala ndine. Abale anayamba kuimba motsatizana. Ndinkangowadula ndi kupalasa kwanga, ndiye ndinapatsira foni bambo akunyumba kuti aziyankha. Anaigwira kanthawi akuiyang'ana, kenako anandibwezera n'kutuluka panja.

Achimwene anafika madzulo, simenti ikadali m'tsitsi. Ataona mlongo wawo atakulungidwa mabandeji kumaso, anagunda khoma ndi chibakera mpaka namwino anawatulutsa. Funso lawo linali limodzi: ngati odziwa munali atatu, wamuuza ndani?

Lachisanu anapita okha kupolisi kukamufunsa mwini wake kudzera pazitsulo za chitolokosi. Akuti Dalaivala, nkhope itatupa choncho, anaseka.

"Kafunseni kunyumba kwa mlongo wanu wa nyamayo," anatero. "Ine sindinavutike n'kufufuza. Anachita kundipatsa m'manja."

Kuchoka pamenepo achimwene anadutsa kumashopu kuja, ndipo anthu anawauza za buluku, tepi ndi kuseka kwa Lachitatu.

4

Loweruka m'mawa ndinawapititsira tiyi bambo akunyumba kushopu. Ndi kachipinda kopanikiza, kokhala ndi makina awiri osokera, tebulo lositira, ndi madiresi a akwati atapachikidwa kudenga m'mapulasitiki. Anali akusoka kolala ya shati. Ndinali ndisanatsitse fulasiki pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

Achimwene sanapereke moni. Anafunsa ngati n'zoona kuti Dalaivala anabwera Lachitatu, ndipo bambo akunyumba anavomera. Anafunsa ngati anaseka naye, ndipo anavomeranso. Atayamba kufotokoza chifukwa chake, khofi linawapeza mawu akadali m'kamwa. Anagwa ndi mpando womwe, mabatani ndi mapini n'kumwazika pansi ponse.

Achimwene anawadzutsa ndi kolala n'kuwagunditsa kukhoma. Magalasi awo a maso anathyoka pakati. Bambo akunyumba ndi munthu wochepa thupi, woti chibadwire sanamenyepo ngakhale galu, ndipo achimwene ankawanyamula ngati thumba lopanda kanthu. Anthu anadzaza pawindo, koma palibe amene analowa, chifukwa onse ankamudziwa Nyundo.

"Nenani, alamu," ankatero achimwene, mawu ali pansipansi. "Mwamugulitsa mlongo wanga chifukwa cha buluku? Ngati si inu, ndi ndani? Tchulani dzina, ndikusiyani."

Bambo akunyumba anati sanamuuze Dalaivala chilichonse. Ananena zimenezo katatu, magazi akutuluka m'mphuno, koma dzina sanatchule. Sankawayang'ana achimwene. Ankayang'ana ine.

Ndinali pakhomo, fulasiki nditaikumbatira ngati mwana. Ndinakuwa kuti achimwene asiye, ndinatchula mayi athu, ndinatchula Mulungu. Ndinakuwa zonse kupatula chinthu chimodzi.

Achimwene anagwira dzanja lawo lamanja n'kuliyala patebulo lositira. Simbi inali pomwepo, yachitsulo cholemera ija. Anati dzanja lomwe layeza chiuno cha chigawenga silidzayezanso cha munthu. Inatsika kawiri. Phokoso lake ndimalidziwa bwino, ndimalimva tsiku lililonse kuntchito. Bambo akunyumba sanakuwe, anangotsegula pakamwa ngati munthu womira, n'kutsetsereka mpaka pansi.

Apo m'pamene anthu analowa. Achimwene anaika simbi pansi n'kutuluka okha, ndipo ine ndinang'amba nsalu ya diresi ya mkwati wina n'kukulunga zomwe zinatsala pa dzanjalo.

5

Tsopano ndinene chomwe ndakhala ndikuchizungulira. Pamene ndinkaima pakhomo paja ndinali ndikudziwa kale amene anamuuza Dalaivala. Ndinadziwa dzulo lake.

Lachisanu m'mawa ndinatsegula butchala kwa ola limodzi kuti nyama yotsala isaonongeke. Kunabwera kasitomala wanga wakale, mayi wogwira ntchito mu ofesi, ndipo ndinamupempha andisonyeze poonera anthu omwe anandiimbira ndili kuchipatala. Anatsegula mndandanda n'kumandifotokozera kuti muvi woloza uku ndi amene wakuimbirani, woloza uko ndi amene mwamuimbira inuyo. Pakati pa mivi yonse ya Dalaivala yolowa panali umodzi wotuluka, pambali pake pali kachithunzi ka kamera. Ndinafunsa tanthauzo lake.

"Apa munamuimbira ndinu, pa vidiyo," anatero mayiyo. "Lachiwiri m'mawa. Munalankhula mphindi zisanu ndi zinayi."

Lachiwiri m'mawa ndinkalikumbukira bwino. Dalaivala anali atangoimba, ine n'kumudula. Galasi linali ndi mafuta, ndiye ndinalipukuta ndi epuloni monga mwa nthawi zonse, osalizimitsa, n'kuimika foni potsamira sikelo, nkhope yake italoza kwa makasitomala. Fani inali ikulira, firiji ikulira, sindinamve chilichonse. Nthawi yomweyo analowa Aphunzitsi kudzatenga chiwindi choti akamuphikire mng'ono wanga abwezeretse magazi. Munalibe munthu wina, ndiye tinamasuka. Anandiuza kuti mlendo wathu wayamba kudya bwino. Anandipempha kuti ndidzapiteko Lachinayi masana, chifukwa iwo adzakhala ali kuchipatala ndipo mwanayo adzatsala yekha. Ndinalonjeza kuti ndidzagogoda.

Dalaivala sanafunikire kuuzidwa njira. Aphunzitsi ndi amene anasoka suti yake ya ukwati, ndipo ankapita yekha kwawoko kukayeza. Anangokhala chete kumbali inayo, akuonera nkhope yawo ndi kumvetsera, mpaka atakhuta. Bulukulo la Lachitatu anangopita nalo kukaona ngati tatulukira kanthu.

Ndinamufunsa mayi uja mmene amafufutira. Anandisonyeza: kukhudza, kugwira pang'ono, kenako kabini, kachithunzi kaja ka motaya zinyalala. Chinali chinthu choyamba chomwe ndinachita molondola pafoni ija ulendo umodzi wokha.

Ndinadziuza kuti ndinena mng'ono wanga akachira. Ndinadziuza kuti achimwene angokalipa basi. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkaopa manja a achimwene, koma koposa ndinkaopa diso lotsala la mng'ono wanga likadzandiyang'ana.

6

Achimwene anagona masiku atatu m'chitolokosi. Bambo akunyumba anakana kuwasumira, ndipo abale anati kukanako ndi umboni woti akudziwa kulakwa kwawo. Mng'ono wanga analamula kuti munthu ameneyo asadzapondenso m'chipinda chomwe iye ali. Kutchalitchi anthu ankasuntha pabenchi. Ine ndinkawasambitsa, kuwamanga mabatani, kuwadyetsa ndi supuni, anthu n'kumandiyamikira kuti ndine mkazi wopirira, wosataya mwamuna ngakhale wachita zoterozo. Mawu amenewo ankandiotcha kuposa madzi owira.

Ndinapirira masabata atatu. Lamlungu lina masana, nditawamasula bandeji n'kuona zala zija zitapindika ngati mizu, ndinagwada pansi n'kunena zonse: epuloni, sikelo, mphindi zisanu ndi zinayi, kabini. Ndinkayembekezera kuti adzuka, atukwana, mwina andiponyera mbale. Anangoyang'ana dzanja lawo.

"Ndinaona Lachinayi lomwe lija, m'khonde la chipatala," anatero. "Unandipatsa foni ndiwe."

Ndinafunsa chifukwa chake sananene, ngakhale simbi itakwezedwa m'mwamba.

"Ndikanatchula dzina lako, simbi ija ikanatera pa iwe. Ndiye ndinati ndipirire makofi awiri atatu, mkazi wanga alankhula yekha, chifukwa zikachoka m'kamwa mwako mchimwene wako akanamva kuti inali ngozi. Ndinakuyang'ana mpaka pomaliza. Za epuloni ndinakukhululukira tsiku lomwelo, aliyense akanalakwitsa. Koma unaima pakhomo paja ndi fulasiki, ukudziwa."

Anandipempha kuti ndiwamange bandeji, ndipo ndinawamanga.

Mawa lake ndinaitana achimwene kunyumba kwa Aphunzitsi, komwe mng'ono wanga anabwerera atatuluka m'chipatala, n'kunena zomwezo ndili chiimire. Achimwene anadzuka, mtima wanga n'kuti nayo nthawi yanga yakwana, ndipo kunena zoona ndinkafuna andimenye. Sanandikhudze. Anayang'ana manja awo, kenako anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Madzulo ake anapita kukagwada pamaso pa mlamu wawo, chimunthu chonse chija chikulira ngati mwana. Bambo akunyumba anawapatsa mpando ndi dzanja lamanzere.

Mng'ono wanga anati diso lake analiphulitsa ndi Dalaivala, osati ine, ndipo mlandu umenewo sadzandisenzetsa. Koma anati kwa masabata atatu ndinamusiya akutemberera munthu yekhayo amene anamupezera pobisala, ndikumupukuta nkhope ndi kumuvomereza. Anandipempha kuti ndituluke, adzandiitana yekha akadzafuna. Chaka chatha tsopano, sanandiitane.

7

Dalaivala ali kundende, ndipo akhalako zaka zambiri. Shopu ija anatenga telala wina. Bambo akunyumba amaphunzitsa achinyamata kudula nsalu, akuloza ndi chala chachikulu, chokhacho chomwe chimagwira ntchito. Sanandithamangitse, ndipo sanachoke. Timagona nyumba imodzi, timadya patebulo limodzi.

Foni ndinaizolowera, musadabwe. Ndimadziwa kuizimitsa ndisanaipukute, ndimadziwa kutsekera munthu, ndimatumiza ngakhale zithunzi za nyama kwa makasitomala. Zonsezi ndinaziphunzira m'mwezi umodzi, ndekha, popanda wondigwira chala.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuti ndikuchenjezeni za mafoni agalasiwa. Chenjerani nawo ndithu, makamaka inu anzanga a manja okhakhala amene ana anu akugulirani dzulodzuloli. Koma ndikanama ndikati foni ndiyo inaphwanya banja langa. Foni inalakwitsa mphindi zisanu ndi zinayi, ine ndinalakwitsa masabata atatu ndili maso. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo ine ndaonjezerapo kuti ukaubisa umakagwera amene amakukonda, chifukwa ndi yekhayo amene angaime chete n'kuulandira m'malo mwako. Ngati pali chomwe mukudziwa, ndipo wina akunyozedwa nacho pamene inu mukudikira nthawi yabwino, ikani magaziniyi pansi mupite mukanene lero. Ine ndinadikira, ndipo nthawi yabwinoyo sinabwere.

Madzulo aliwonse ndimabwera ndi nyama yofewa kwambiri ya tsikulo. Ndikaphika ndimawadulira tizidutswa ting'onoting'ono m'mbale mwawo, chifukwa mpeni sangagwire. Zaka makumi awiri munthu ameneyu ankanditcha iwe, ankandiseka, ankandibera nyama m'mbale mwanga. Tsopano amadikira ndimalize kudula, n'kulandira mbaleyo mwaulemu wonse, ngati mlendo amene wapatsidwa malo ogona.

"Zikomo kwambiri, mayi," amatero. "Mwavutika."